Ngwazi Yanga Yopanda Amalume

Munthu akafuna kudziwa kuti ku Chipata kuno kuli akatswiri angati, angolemba nthano n'kuiponya pa foni. Dzuwa lisanalowe adzakhala atapeza abusa, madokotala, oweruza milandu ndi alangizi a mabanja, onse aulere, onse odziwa nthanoyo kuposa mwini wake. Ine ndinawapeza chaka chimene ndinkakonzekera ukwati, ndipo anatsala pang'ono kundithera ukwatiwo usanayambe n'komwe.

Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito m'kashopu ka fotokope m'tauni, chapafupi ndi pokwerera maminibasi. Ntchito yeniyeni inali kudikira. Magetsi akakhalapo makasitomala kulibe, makasitomala akabwera magetsi apita, ndipo zonse zikapezeka pamodzi makina ankatentha n'kuyamba kutafuna mapepala. Mapepala oonongekawo ankadzaza katoni pansi pa tebulo, kuseri kwake kuli mbee, ndipo abwana analibe nawo ntchito. Ine ndinkajambulapo.

Matenda ojambulawa ndinawatola ku msika wa Kapata ndili kamtsikana. Pakati pa milu ya salaula nthawi zina pankapezeka timabuku ta zithunzi tochokera kunja, tong'ambika chikuto, tonena za ngwazi zouluka zimene zimalimbana ndi zigawenga. Ndinakondapo imodzi, mnyamata wobisa nkhope, wamphamvu zonyamula lole, amene makolo ake anamwalira iye ali khanda. Masamba akumapeto nthawi zambiri ankakhala atapita kale kokakulungira zitumbuwa, choncho ndinazolowera kumaliza nthano ndekha. Nditakula ndinaona kuti mnyamatayu wavutika mokwanira ndi kuteteza mizinda ya eni ake. Ndinamutenga n'kumukhazika pamwamba pa phiri la Kanjala kuti aziyang'anira ifeyo. Ndinkajambula tsamba, kulemba mawu m'timitambo totuluka pakamwa, kulitola ndi foni, n'kuliponya m'gulu limene ndinatsegula ndi anzanga ochepa akusekondale. Aliyense wa iwo anaitana msuweni wake, msuweniyo anaitana akwaya, akwayawo anaitana dziko lonse.

Oyamba kundiwongolera anali mayi ena a kumpingo kwathu, mtsogoleri wa amayi, amene ankalemba makomenti awo onse ndi zilembo zikuluzikulu kuti ndi ogontha omwe amve. Iwo anafuna kudziwa kuti mnyamatayu akuuluka pa mphamvu ya yani. Ndinawafotokozera mwaulemu kuti ndi nthano chabe. Anandiyankha kuti afiti nawonso akagwidwa amanena zomwezo. Ndinagonja. Ngwazi yanga inasiya kuyenda kukada, inayamba kuuluka masana dzuwa likuswa mtengo, aliyense akuona. Pomwepo kondakitala wina wa minibasi za ku Katete analemba kuti munthu wovala zakuda zothina chonchi m'dzuwa la Okutobala angakomoke asanafike ku Kapata, ndipo ngati ali ndi nzeru azingokwera minibasi ngati anthu ena onse.

Za kubisa nkhope zinawaseketsa onse. Anati mwina kunjako anthu amadziwana ndi nkhope, koma kuno munthu timamudziwa ndi kayendedwe ndi katsokomoledwe. Akuti akangotera pamsika, mayi wogulitsa tomato adzamuitana ndi dzina lake laubwana n'kumutuma madzi. Mlimi wina wa thonje, amene sindikudziwa mpaka lero kuti anamulowetsa m'gulumo ndani, anadandaula kuti mnyamata wonyamula lole alibe ngakhale kamunda, chonsecho mvula yagwa kale. Nditajambula ngwaziyo ikutulutsa mayi wokalamba m'nyumba yoyaka moto n'kuuluka osadikira zikomo, ndinkaona ngati ndalemba zogwetsa misozi. Gulu linagamula kuti mwanayu ndi wamwano. Walowa m'nyumba ya eni osaodira, watuluka osatsazika, ndipo mayiyo mwina ankafuna kumupatsako nsawa za m'njira.

Chigawenga nachonso sichinapulumuke. Ndinachijambula ndi mimba yaikulu ndi makiyi ambiri m'chiuno, ndipo anthu osiyanasiyana anandilembera kuseri kundithokoza kuti ndawajambulira landilodi wawo ndendende. Nditaikamo mtsikana woti ngwaziyo izimukonda, nkhani inakula. Akumuulutsa mwana wa eni pamwamba pa tauni yonse, atamugwira m'chiuno, kodi makolo ake akudziwa? Kodi anatumizako munthu? Amayi a zilembo zikuluzikulu anaonjezera kuti mtsikanayo akamauluka azimanga chitenje, pansi pali anthu.

Ine mtima wanga ndi wapachala, zimenezo sindibisa. Ndinkayankha aliyense, mmodzimmodzi, ndime zitalizitali, kasitomala ataima pakauntala ndi satifiketi yake m'manja. Koma ndinene zoona, zinkandikoma. Anthu amene anatsazikana ndi buku tsiku lomwe anatuluka sukulu ankadikira Lachisanu lililonse kuti adzandinyoze, ndipo wolemba amene amati zotere sizimusangalatsa akunama.

Ndiye ndinaganiza zowapatsa chinthu choti chiwatseke pakamwa, gawo lofotokoza ubwana wa ngwaziyo. Ndinalijambula ndi mtima wonse. Kamnyamata kataima kokha pamanda. Kamnyamata kali pakhonde la sukulu, anzake akutengedwa ndi makolo awo. Kamnyamata kakudya kokha pamwamba pa denga, mbale ili pamaondo. Pansi pake ndinalemba kuti analibe mbale aliyense padziko lapansi. M'timabuku takunja tija zimayenda choncho, ngwazi imayenera kukula yokhayokha kuti ilimbe mtima, ndipo palibe amene amafunsa.

Ku Chipata anafunsa. Komenti yoyamba inali yakuti, nanga amalume ake anali kuti? Wina anafuna kudziwa amene anayendetsa maliro a makolowo, poti mitembo siidziika yokha, ndipo anthu amene anakumba manda sakanasamba m'manja n'kubwerera kwawo khanda atalisiya pamtumbira. Posakhalitsa mkangano unasanduka wa mitundu. Angoni a m'gulumo anati mwanayo akanakhala wawo, abale a bambo ake akanamutenga maliro asanathe, ndiye ayenera kuti ndi Mchewa. Achewa anati ayi, ameneyu ndi Mngoni weniweni, abale ake anapita ku Mtenguleni kukavina pa mwambo wa Angoni n'kumuiwala. Ine ndinkangoseka ndekha m'shopu muja, kuona abambo a ndevu zawo akukanirana mwana wa papepala.

Kuseka kunatha amayi aja atalowererapo. Ulendo uno analemba mwachidule. Anati wolemba salemba zimene sanazione, ndipo iwo zaka zonsezi ankaona ngati mtsikana wolembayu akusungidwa bwino, kumeneko nyumba zimabisa zambiri.

Apa ndiyenera kufotokoza za ine. Mayi anga anamwalira kumudzi ndisanayambe sukulu, bambo anali atasowa kale m'nkhani. Amene anabwera kudzanditenga ndi amalume, mlongo wawo wa mayi, amene ankaphunzitsa pa pulayimale ina m'tauni muno. Ndinakulira m'nyumba mwawo ku Kapata pamodzi ndi ana awo. Nsalu ya yunifolomu ankagula imodzi n'kusoketsa tonse, ndipo chikwapu chinalinso chimodzi, chogawidwa mosakondera. Pamene ndinkalemba nthanozi n'kuti atapuma pantchito, ali mkulu wa mpingo, opanda galimoto, opanda sitolo, chuma chawo chonse chili dzina labwino. Kapata yense ankaidziwa mbiri imeneyi, ndipo tsopano anaona kuti waimvetsa bwino kuposa kale.

Makomenti anasintha tsiku lomwelo. Za ufiti zinaiwalika, za chitenje zinaiwalika. Tsopano kunali kundipepesa, kundilimbitsa mtima, ndi tizithunzi ta manja opemphera mpaka foni kutentha. Mtsikana wina amene tinkaimba naye kwaya anakumbukira mwadzidzidzi kuti tsiku lina anandiona ndikutsuka mbale ndekha. Wina anakumbukira kuti ndinali woonda. Ndinali woonda ndithu, mpaka lero ndine woonda, amalumenso ndi oonda, ndi mtundu wathu. Ndinalemba kuti abale anga, iyi ndi nthano, mnyamatayu ndi wa m'buku, ine sindinadyerepo padenga, denga lathu silingapirire ngakhale mphaka. Anandiyankha kuti akumvetsa, ndisanene zambiri, ndingadziike m'mavuto.

Kushopu makasitomala anachuluka. Munthu ankabwera ndi kapepala kamodzi koti akanatha kungokopera pamanja, n'kuima nthawi yaitali akundiyang'ana mwachifundo, mutu atapendeketsa. Mayi wina amene sindinkamudziwa n'komwe anandisiyira mbatata yophika pakauntala, n'kundinong'oneza kuti ndidyere pomwepo ndisapite nayo kunyumba. Mbatatayo ndinadya, inali yabwino. Abwana anandiuza kuti chilichonse chimene ndikuchita ndisasiye.

Amalume foni yawo inali ya mabatani, yongoyankhira ndi kuwalitsira pofuna nsapato pansi pa bedi, ndipo ine ndinkadalira zimenezo. Ndinaiwala kuti kumpingo kwathu kuli anthu odzipereka. Lamulungu mapemphero atatha, amayi aja, mwa chikondi chachikhristu, anawaitanira pambali n'kuwaonetsa tsamba lililonse ndi makomenti omwe, akuwakulitsira zilembo ndi zala kuti asavutike maso. Nditawafunsa pambuyo pake chifukwa chimene anachitira zimenezo, anandigwira phewa n'kundiuza kuti ndidzawathokoza ndikadzakula.

Vuto linali lakuti Loweruka la sabata lomwelo kunkabwera alendo. Mnyamata amene ndinkafuna kukwatiwa naye, wokonza mafoni pakhonde la sitolo ina m'tauni, Mkatolika wa kumudzi cha ku Mtenguleni, anali atatumiza kale mawu kuti ankhoswe ake abwera kudzafunsira mbeta. Alendo otere kwathu amalandiridwa ndi malume. Ndi iye amene amamva zimene adzera, ndi iye amene amavomera kapena kukana. Akapanda kutuluka, alendo amamwa zimene apatsidwa n'kubwerera, ndipo kumudzi kwawo amakanena kuti banja lija lili ndi nkhani, mnyamata ayang'ane kwina.

Amalume sanandikalipire. Bwenzi zili bwino akanandikalipira, chifukwa kukalipa kwawo ndinkakudziwa poyambira ndi pothera pake. Moni ankayankha, chakudya ankadya, wailesi ankamvera, koma akamandidutsa m'nyumba ankapatuka mwaulemu ngati ndine mlendo. Lachiwiri akazi awo, amene ndimawatcha anti, anandipeza ndikusita. Anayamba ndi kundiuza kuti kumsika amayi ena awafunsa ngati masiku ano ndimaloledwa kudyera patebulo. Kenaka, maso ali kumbali, anati amalume akuti alendo a Loweruka ndikawalandire ndekha, poti ndine munthu wopanda mbale aliyense padziko lapansi.

Ndinachita zimene wolemba aliyense wanzeru akanachita, ndinathamangira kukakonza papepala nkhani yofunika kukonza pakamwa. Tsiku lomwelo ndinajambula gawo latsopano. Ngwazi ikutera pamsika, bambo wina wa nkhope yachifundo, wa jekete ndi magalasi, akuigwira dzanja n'kuulula kuti ndi malume wake, wakhala akuifunafuna zaka zonsezi. Ndinamujambula wooneka bwino, ndinamupatsa ndi tsitsi lomwe, chinthu chimene amalume anga anatsazikana nacho kalekale. Ndinaponya m'gulu n'kupumira m'mwamba.

Gulu linalusa. Kondakitala uja anati abale otere amawadziwa bwino, mwana akamavutika saoneka, akangomva kuti wayamba kunyamula malole ndi awa atulukira ndi jekete. Mlimi wa thonje anachenjeza ngwaziyo kuti isamuonetse malumeyo pomwe imasunga mbewu. Amayi aja anangolemba kuti aliyense wamaso akuona kuti gawo ili mwanayu achita kumulembetsa. Ndinalifufuta. Anati amuopseza. Ndinatuluka m'gulu langa lomwe. Anandibwezamo, n'kundiuza kuti ndisaope, onse ali pambuyo panga.

Ndinapita kwa bwenzi langa lija kukadandaula. Iyeyu anali asanawerengepo tsamba ngakhale limodzi la nthano zanga, ankati tsiku lonse amakhala akusuzumira m'mimba mwa mafoni, sangafunenso kuona zimene zimatulukamo. Ndinkayembekezera kuti andiuza kuti ankhoswe adikire kaye. Anati akuluakulu akumudzi aimika kale ntchito zakumunda chifukwa cha ulendowu, sangapite kukawauza kuti zalephereka chifukwa cha munthu wouluka. Anandifunsa ngati ndalankhula nawo amalumewo. Ndinati ndawajambulira gawo lathunthu. Anangobwerera ku foni imene ankakonza.

Sindinalankhule nawo. Ndinkachita mantha, koma ndinalinso wokwiya. Ndinkati munthu wophunzira ngati iwo, amene anathera moyo wawo akuuza ana a eni kuti aziwerenga mabuku, angamve bwanji nthano ngati mmene anaimvera mayi wa zilembo zikuluzikulu? Ndinkadikira kuti aone okha kuti alakwitsa. Iwo ayenera kuti ankadikira zomwezo kwa ine, poti mutu woumawu ndinautengera komweko.

Loweruka alendo anafika dzuwa lisanatenthe, abambo achikulire ndi mayi mmodzi, fumbi lili m'miyendo chifukwa anatsikira kumsewu n'kuyenda wapansi. Anti anawakhazika pabalaza, pamipando ija yokutidwa ndi tinsalu toluka imene ife tili ana sitinkaloledwa kukhalapo. Anawapatsa thobwa. Anacheza za mvula. Anacheza za feteleza. Anabwereranso ku mvula. Mpando wa amalume unali wopanda munthu, ndipo ndikusuzumira pakatani ndinaona mmodzi wa abambowo atayamba kutembenuzatembenuza chipewa chake pamaondo.

Ndinazungulira kuseri kwa nyumba. Amalume anali m'kadimba kawo ka repu, atavala malaya akumunda, akuthirira mbewu zimene anali atathirira kale. Ndinagwada m'matope momwemo ndi chitenje changa chatsopano. Mawu ndinali nditawakonza bwino: kuti nthanoyo ndi ya azungu, kuti ine ndinangotengera mmene imayendera, kuti anthu a m'gulu lija alibe chochita. Anandisiya mpaka ndinamaliza, kenaka anaika ndowa pansi.

"Zithunzi zako n'zabwino," anatero. "Dzanja uli nalo. Za anthu akumpingo usavutike nazo, ambiri a iwo ndinawaphunzitsa ndine, mitu yawo ndiidziwa. Funso langa n'limodzi chabe. Kamwana kaja kakudya kokha padenga, nkhope yake siinachokere m'buku la azungu. Manje undiuze. M'nyumba muno unali wekha?"

Yankho loyenera linali lalifupi, ndipo alendo ankadikira. Koma mtima wanga sudziwa kuti lero ndi tsiku lanji. Ndinangomva pakamwa panga pakutuluka zinthu zimene sindinkadziwa kuti ndinasunga. Ndinati sindinagonepo ndi njala, sindinasowepo sopo kapena fizi, zimenezo ndingakanene pamaso pa mpingo wonse. Koma mlendo aliyense akalowa m'nyumba muja, amalume ankatiimika pamzere n'kuyamba kutchula, uyu ndiye woyamba, uyu womutsatira, uyu womaliza. Akafika pa ine mawu ankasintha: uyu ndi wa malemu mlongo wanga. Ankatero kwa abusa, kwa ahedi, kwa wogulitsa makala, ngakhale tsiku limene ndinakhoza mayeso anthu atadzaza pakhomo. Ndinati zaka zonsezo ndinkadikira kuti tsiku lina lilime liwaterereke, angonena kuti uyunso ndi wanga.

Ndinayembekezera vesi, kapena kundithamangitsa. Amalume anakhala pa njerwa za m'mphepete mwa dimba. Anavula magalasi, anawapukuta ndi malaya amatope aja, anangowadetsa.

"Iwe mwana," anatero, "sukulu yonse ija, mabuku ako onse aja, ichi chokha sunachione? Ana aja ndinabereka ndine, inde, koma ndi a kwa amayi awo. Pa ukwati wa mkulu wako uja unaona ndinakhala pati? Kumbuyo, pafupi ndi akwaya. Wolandira alendo, wolankhula, wovomera, anali mlongo wa anti ako. Ine anangondiuza zimene agwirizana. Nditati ndife lero, onse aja ali ndi kwawo kopita, ndipo si kwathu. Pa ana onse amene anadyera m'nyumba muno, wa mbumba yanga ndi mmodzi chabe. Ndikamauza alendo kuti uyu ndi wa mlongo wanga, ndinkawauza kuti enawa ndikusungira eni ake, wanga ndi uyu. Ndinkadzitama, iwe."

Kenaka anaonjezera kuti ankafunanso kuti mayi anga azitchulidwa m'nyumba muja, chifukwa kupatula iwo panalibenso wina wowatchula.

Mwambo umenewu ndinkaudziwa. Ndinaulembapo pa mayeso, ndinakhoza bwino ndithu. Kungoti sindinaganizepo kuti ukunena za ine. Ndinachita manyazi amene sindinawamvepo chibadwire, ndipo pamodzi ndi manyaziwo panabwera chisoni. Bambo ameneyu analibe zambiri, koma chachikulu chimene anali nacho ankandipatsa pamaso pa mlendo aliyense, chaka ndi chaka, ine n'kumachilandira ngati chitonzo. Iwonso ankandiona ndikuweramitsa mutu pamzere paja n'kumati mwana wawo ndi waulemu.

Ndinapepesa. Iwo anati nawonso akanayenera kundifotokozera, koma ankaona ngati zinthu zina mwana amachita kuyamwira, sizifuna choko ndi bolodi. Kenaka anandiuza kuti ndidzuke ndikasinthe chitenje msanga, alendo angaganize kuti pakhomo pano mkwatibwi timamulimitsa tsiku lomufunsira, gulu langa lija lingapeze chokamba china. Jekete lawo linali kuseri kwa chitseko cha kuchipinda, losita kale. Anti anadzandiuza pambuyo pake kuti amalume anawasititsa jeketelo tsiku lomwe mawu a ankhoswe anafika, ndipo ngakhale m'masiku okwiya aja ankalisasa fumbi m'mawa uliwonse.

Amalume analowa pabalaza n'kupepesa alendo kuti repu sadziwa kudikira. Bambo wa chipewa uja anachiika pansi. Nkhani zinayenda mmene zimayendera, mozungulira, aliyense akunamizira kuti sakudziwa chimene anthuwa avutikira ulendo wonsewu. Ine ndinali kukhitchini ndi anti, chitenje china chili m'chiuno, matope akadali m'zikhadabo. Patapita nthawi anatumiza mawu kuti ndibwere. Ndinagwada pakhomo la pabalaza. Amalume anakonza jekete, anatsokomola ngati ali kutsogolo kwa kalasi, n'kundiloza ndi dzanja lonse.

"Amene mwadzera ndi uyu," anatero. "Mwana wa malemu mlongo wanga."

Alendo aja anakanena kumudzi kwawo kuti apeza mtsikana waulemu wosowa masiku ano, poti kuyambira pamenepo mpaka iwo kutsazika sanadzutse nkhope ngakhale kamodzi.